Popani, Adona, Gwirani

Lolemba, 9 Juni

Dziko lonse lidziwe kuti ine, Pulofesa wa Dzimbiri, Nduna Yoona za Mabawuti Okana Kumasuka, amene ndinasiya sukulu aphunzitsi atatha nzeru zondipatsa, lero ndayamba kulemba. Wandilamula ndi mwana wanga wamkazi. Akuti, "Ababa, m'malo moyankhula ndi galimoto, muzilemba." Ngati pepala ndiye limayankha.

Nkhani yake ndi iyi. Adona, akazi anga, ali kwa mwanayo m'tauni chigwereni ndi sitiroko. Adokotala avomera kuti abwerere pakhomo pawo. Koma msewu wathu uno ndi wa mbuzi, kagalimoto ka mkamwini kangasiye matumbo pa mwala woyamba. Ndiye ndikawatenga ndi yanga yakaleyi, yokoka ndi mawilo onse anayi, imene Adona anaitcha "mkazi mnzanga". Yagona pansi pa mtengo nthawi yaitali, mapepala ake anatha. Koyeza magalimoto andipatsa Lachisanu.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndalowa pansi. Injini ilibe mlandu, imangotsokomola ngati mwini wake. Koma chasisi, chitsulo chapansi chonyamula thupi lonse la galimoto, mayo ine! Kumbuyo uku sikuludilaiva yangolowa ngati m'papaya lakupsa.

Wamoto, mnzanga wowotcherera zitsulo, anasuzumira n'kuimba mluzu. Akuti ali ndi chasisi yabwinobwino ya galimoto ina imene inagubuduzika, tingosamutsira thupi pamenepo. Ndamuuza kuti kwa aboma galimoto si zitseko kapena mipando, galimoto ndi chasisi ndi nambala imene anaikhoma pamenepo. Ukasintha, yasanduka ina. Uyambe kuzungulira kupolisi, kumaofesi, nambala yatsopano, Adona akudikira mpaka mvula igwe.

Iye akuti, "Ndiye tidule kachitsulo ka nambalako, tikamate pa inayo. Adziwa ndani, mdala?"

Ndati adziwa woyang'anira ndende, ndipo ine yunifolomu sindioneka nayo bwino. Tiika zigamba basi, kutali ndi nambala.

Madzulo mwana anawaikira mayi ake foni kukhutu. Adona akuti, "Kodi mkazi mnzanga uja chifuwa chinatha? Inu mukudya koma?" Ndati tonse awiri tikumwa oyilo. Anaseka.

Lachitatu, 11 Juni

Ndatulutsanso makapu awiri a tiyi. Inayo ndamwa ndekha itazizira.

Lachinayi, 12 Juni

Zigamba zatheka. Wamoto pamoto ndi katswiri, vuto ndi mutu.

Ndapita kukataya madzi pang'ono, pobwera ndamupeza wagwada kutsogolo, pafupi ndi tayala lakumanja, chopalira chamagetsi chikulira m'manja. Akuti akufuna ayeretse nambala iwale. Ndinakuwa mpaka nkhuku za eni ake zinabalalika. Chopalira chimadya dzimbiri ndi nambala yomwe, ndipo woyeza akaona pamalo pamenepo posalala amati galimoto ndi yakuba. Nkhalamba sasambitsa ndi mwala.

Ndakhala pansi ndekha ndi kaburashi ka waya ndi viniga. Pang'onopang'ono. Kenako ndapaka choko n'kupukuta ndi chala, choyera n'kutsalira m'maenje. Zilembo zatuluka chimodzichimodzi ngati ana akudzuka. Zonse zilipo, chakumapeto chokha n'chofooka.

Tochi ndimaluma pakamwa, dovu chuchuchu. Ntchito ya tochi inali ya Adona. Ndikati, "Walitsani apa," iwo amawalitsa dazi langa, amvekere, "Pamene pakufunika kukonza ndi pamenepa."

Lachisanu, 13 Juni

Ndayenda ngati kamba mpaka koyeza. Woyeza wake ndi mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga, wosaseka. Anayala katoni, n'kugona pansi, n'kuika kapepala pa nambala ija, n'kumakhukhuta ndi pensulo. Ine mantha, kuposa tsiku limene ndinakaonekera kwa apongozi.

Anayerekeza ndi mapepala kawiri. "Agogo, zigamba izi?"

Ndati ngakhale buluku langa lili nazo koma mwini wake ndi yemweyo.

Akuti, "Mwachita bwino osakhudza panambala. Ndi yomweyo." Ndinatsala pang'ono kumupempha akhale mdzukulu wanga.

Kenako anakwera, n'kuponda buleki. Phazi linangomira mpaka pansi ngati m'matope. "Muli mpweya umu. Mukufuna kunyamula ndani ndi mabuleki amenewa?"

Ndati odwala.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye makamaka. Mubwere Lolemba."

Pobwerera ndatsika chitunda chonse ndi giya yaing'ono.

Loweruka, 14 Juni

Kuchotsa mpweya m'mabuleki si ntchito ya munthu mmodzi. Wina akhala pampando, wina agona pansi ndi sipanala. Wapansi akuti "popani, popani, popani, gwirani", wapampando apopa n'kukanikiza osasiya. Wapansi amasula kabawuti, mafuta atuluka ndi thovu, amanga, ndiye akuti "siyani". Wapampando akasiya msanga, mpweya ubwereramo, mwagwira ya ziii.

Chikwatiraneni, wapampando anali Adona. Ali ndi pakati anapopa. Titayambana, osayankhulana sabata yathunthu, anapopabe, nkhope atayang'ana kumbali. Phazi lawo limadziwa ndisanatsegule pakamwa.

Lero wapampando ndi Wamoto, amagwira ngati wagwira mbaula. Ndikati gwira, iye wasiya kale, akuyankha moni wa anthu odutsa. Botolo la mafuta latha, buleki ikadali phala. Ndamutcha dzina limene sindilemba muno poti mwana angadzawerenge.

Chitenje chija Adona amayala pampando chikadali pomwepo. Sindinachichape. Wamoto ndinamuyalira katoni.

Lamulungu, 15 Juni

Titaweruka kutchalitchi tinayambanso. Ndili chigonere pansi, foni inalira. Mwana. Manja anali a mafuta, ndiye ndinangoidina kuti izimveka mokweza n'kuiika pa katoni pambali pa khutu. Ndati dikirani pang'ono, Pulofesa ali m'opaleshoni. Akuti palibe kanthu, amayi ali pompano pampando wawo, akumvetsera.

Ndinakuwira Wamoto. "Popa, popa, popa, gwira!"

Kenako mwana pafoni: "Ababa. Bwerezani."

Ndati chiyani?

"Bwerezani zomwe mwanenazo. Phazi la amayi likuponda pansi. Lakumanja lija lakhala losayenda."

Ndinabwereza, koma mwaulemu wake. Popani, Adona, popani, popani, gwirani. Akuti aponda katatu n'kukanikiza. Agwira, sakusiya. Ndinamasula kabawuti, thovu linatuluka, ndinamanga. Ndinaiwala kunena kuti siyani. Mwana ndiye anandikumbutsa, akulira, akuti amayi akadagwirabe. Wamoto nayenso anali atagwira, koyamba m'moyo wake.

Tazungulira mawilo onse anayi choncho, foni ikusuntha nane. Buleki yalimba ngati mwala. Mafuta ena anandigwera m'maso, n'chifukwa chake afiira.

Zija ndinalemba Lachiwiri, zoti Adona anafunsa za chifuwa cha mkazi mnzawo n'kuseka, ndinapeka. Chigwereni sanatulutse liwu ndi limodzi lomwe. Pafoni ndimangomva kupuma kwawo, zoyankha ndimadziyankhira ndekha. Za phazizi sindinapeke.

Chitenje ndachichapa, chili pachingwe.