Chithunzi cha Abambo Chosasita

14 Meyi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kupatula bondo la abambo lija limalosera mvula kuposa a pa wailesi. Mu envulopumu muli chithunzi, koma chonde musachione kaye. Yambani mwawerenga kalatayi, chifukwa ndili ndi mlandu woti ndiulule.

Mukudziwa kuti ntchito yanga ku situdiyo ndi yokonza zithunzi pa kompyuta. Ife timati kusita. Munthu akajambulitsa, ine ndimachotsa makwinya, ziphuphu ndi imvi, mpaka mayi wa zidzukulu zisanu amatuluka ngati mtsikana wa ku koleji. Abwana amati palibe amene amabwera kudzagula ukalamba wake. Ndiye achemwali, mundikhululukire: zithunzi zonse za abambo zimene ndakutumizirani zaka zisanu ndi chimodzi zapitazi zinali zosita. Poyamba ndinkangofuna kuti musamadandaule, kenako dzanja linangozolowera. Inu mukayankha kuti, "Abambo akadali amphamvu, ndibwera chaka chamawa," mtima unkandipweteka, koma ndinkangopitiriza kusita.

Mwezi wathawu abambo anangotulukira ku situdiyo masana, atavala jekete lawo la bulauni lija.

"Undijambule chokongola," anatero. "Chimene mudzaike patsogolo tsiku londiperekeza. Sindikufuna mudzadule mutu wanga pa chithunzi cha ukwati wa eni ake, ngati munachitira ndi amayi anu."

Ndinati, "Aa, abambo, nkhani zanji zimenezo dzuwa likuswa mtengo?"

"Nanga ukufuna ndidzabwere nditafa? Ndidzakhala bwanji pampando?"

Ndinawajambula, ndipo mwachizolowezi ndinasita. Mawa lake nditawapatsa, anachiyang'ana, anavala magalasi, anavulanso.

"Ameneyu ndi mwana wa ndani?"

"Ndinu, abambo."

"Ine? Nanga chipsera changa chili kuti?" Ankanena chija cha pamwamba pa diso, chimene munawapatsa inu ndi mwala wogendera mango. "Chimenecho anandilemba mwana wanga woyamba, iwe wafufuta ndi chilolezo cha ndani? Makwinyawa ndawagwirira ntchito zaka makumi asanu ndi atatu. Anthu akadzaona ichi adzabwerera pakhomo, adzati alowa pa maliro olakwika."

Anzanga onse mu situdiyo anafa nako kuseka. Ine manyazi anandigwira, ndipo pomwepo ndinawaululira abambo za zithunzi zanu zija. Iwo anati, "Ndiye chifukwa chake sakubwera. Akuganiza kuti zaka ndili nazo zodzaza thumba." Sanandikalipire, achemwali. Bola akanandikalipira.

Tinajambulanso. Ndinazimitsa magetsi akuluakulu aja, ndinawakhazika pafupi ndi zenera, ndipo ndinawakumbutsa za mango aja mpaka anaseka. Pa kompyuta sindinakhudze kalikonse. Abwana podutsa anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali, ine nkumati lero ntchito yatha. Iwo anangoti, "Sindikiza chachikulu, uchiike pagalasi lakutsogolo." Abambo anakakhala pakati pa zithunzi za akwati ndi omaliza maphunziro, chipsera chili poyera.

Zimene zinatsatira simungakhulupirire! Woyamba kubwera anali a telala a pakona aja, akuti iwo sangapambanidwe ndi munthu amene anamusokera jekete. Kenako anabwera azamba opuma ntchito, amene anakana kuti ndiwajambule nkhope. Anatambasula manja nkunena kuti, "Jambula awa, analandira theka la anthu akudutsa pamsewupa." A dalaivala a basi aja atsala ndi mano atatu, koma anaseka mpaka onse atatu anaoneka. Aliyense polowa amayamba wandichenjeza kuti, "Iwe, osandisita!" Pano ndili ndi zithunzi makumi awiri ndi zitatu. Atatu mwa eni akewo anandiuza mosabisa kuti ndi chomaliza, ndipo anasankha okha malaya.

Atsikana obwera kudzajambulitsa amaima pagalasi paja nthawi yaitali. Wina anandifunsa ngati makwinyawo ndinachita kuwonjezera pa kompyuta. Patapita masiku awiri anabwera atagwira agogo ake dzanja. Abambo tsopano amakhala pabenchi panja pa situdiyo ngati mlonda, akuloza chithunzi chawo kwa aliyense wodutsa. Sindinawaonepo akusangalala chonchi chimwalirireni amayi, ndipo inenso ntchito yayamba kundikoma. Abwana avomera kuti tichite chionetsero cha zithunzi zonsezi Loweruka loyamba la Ogasiti.

Tsopano chioneni chithunzicho. Amenewo ndiwo abambo athu. Aonda, khosi la jekete lawakulira, dzanja lamanzere limanjenjemera akanyamula kapu. Kuchokera kunyumba kufika ku situdiyo amapuma kawiri. Adokotala sananene choopsa, ndipo kudya akudya bwino, koma ine sindingakulonjezeninso chaka chamawa. Ndinakuberani zaka zisanu ndi chimodzi, sindikufuna kukuberani china. Pemphani tchuthi, mubwere mu Ogasiti.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, muwaonetse agogo awo enieni. A telala akupereka moni, azamba akuti munabadwa mukukuwa ndipo akufuna aone ngati munasiya. Abambo ali pompano, akundilondera kuti ndisasitenso mawu awo. Akuti chithunzi cha tsiku lowaperekeza chatheka, chatsala cha iwo ndi ana awo awiri. Jekete akana kulibwezera m'sutikesi, lili pa msomali kuseri kwa chitseko. Akuti mubwere ndi imvi zanu zonse, musapake kanthu, iwo akudziwa kuti muli nazo. Ndipo akuti chipsera chanu akusungirani.

Ndine mng'ono wanu,
wosita uja