Injini ya Boti Yabwerera ku Mlowe

Okondedwa achimwene,

Landirani moni wochokera kuno ku Mlowe. Tonse tili bwino, kupatula mwendo wa amayi umene ukuvutabe.

Loweruka injini ya boti ya alamu anu yabwerera pakhomo. Mukukumbuka kuti tinaipereka chikole pokongola fizi ya mwana wathu Lusungu ku yunivesite yolipira ija, inu mukunena kuti Chifalansa sichigwira usipa. Panopa amamasulira alendo ku Chelinda, ndipo malipiro a chaka chimodzi ndi theka akwanira kubweza ngongole yonse. Malisiti ndawawerenga ndekha kawiri.

Akutsitsa injiniyo pa matola, Lusungu anati, "Amama, muwauze asibweni kuti usipa woyamba ndi wawo."

Ndiye tiuzeni amene akupita ku Joniko mwezi uno, titumize. Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Tiwonge