Mpongozi wanga akukoleza moto ndi majumbo, amuna anga akutha ndi chifuwa

Aphungu,

Ndine mayi wachikulire wa ku Torwood. Ndimakhala m'nyumba yomwe ija kampani ya zitsulo inapatsa amuna anga, a Sande, tili achinyamata. Makolo athu anachokera ku Dedza, ife tinabadwira konkuno kudziko la eni. Zanu ndimangowerenga chamumtima, koma lero zandifika pakhosi.

Nkhani yake ndi moto. Magetsi masiku ano amabwera ngati mlendo wodutsa, parafini tinaiwala ndi fungo lake lomwe. Tikuphika panja ndi nkhuni zaziwisi za kuphiri, ndipo wokoleza ndi mpongozi wanga Tinevimbo. Nkhuni zaziwisi sizimva machesi, machesiwonso ndi osowa. Ndiye iye amatenga majumbo, awa kuno timati mapepa, n'kuwakulunga kukamtengo, n'kuyatsa. Pulasitikiyo imadonthetsera moto pankhuni mpaka zigwire. Akasowa majumbo amadula chigubu chakale kapena patapata wakutha. Utsi wake ndi wakuda bii, umamveka ndi mu tiyi momwe.

A Sande anakalambira pang'anjo, chifuwa chawo chinafooka kalekale. Kukazizira amakokera mpando pamoto usanayake n'komwe, ati mafupa awo samva bulangete. Chiyambire June akutsokomola mpaka misozi. Anesi a kukiliniki atawamvetsera kumsana anandifunsa kuti, "Gogo, kunyumba mukuotcha chiyani?" Mankhwala analibe. Anangoti utsi umenewo ukapitirira, madalawa mvula ya chaka chino sadzaiona.

Ndinayesa kumuuza Tine. Anandiyankha mosakaniza ndi chinenero chakwawo, kufunsa kuti atani poti zoyatsira kulibe: "Amai, ndoita sei? Machisi hakuna, parafini hakuna. Mukufuna asekuru adye zosapsa?" Asekuruwo amanena a Sande. Mwana ameneyu ndiye akutisunga. Mwamuna wake, mwana wanga Enoch, ali ku Joni ndipo amamveka mwa apo ndi apo. Tine ndiye amagona m'mabasi kupita ku Francistown kukapikula sopo ndi mafuta ophikira, majumbowo amabwera ndi katundu yemweyo. Tsiku limene adzatope n'kubwerera kwawo ku Shurugwi, ife awirife tatha.

Aphungu, ndikamuona atagwada pautsi umenewo, mtima umandithawira kale. June wa ku Torwood anali June weniweni. Udzu unkayera mbee ndi chisanu, amuna n'kumapita ku shifiti panjinga, nthunzi ili tolo m'kamwa. Lole ya kampani inkatsitsa malasha kumapeto kwa laini ya nyumba zathu. Mkaka unkabwera m'mabotolo, tikamwa timatsuka n'kubweza. Buledi ankakulungidwa m'pepala, ndipo pepalalo linkathera kukutira makope a ana. Kumsika mayi anga ankapita ndi dengu lawo la ku Dedza, lomwe mpaka pano lili pamwamba pa wadiropu likudya fumbi.

Machesi m'laini yonse ankayatsa munthu mmodzi. Enafe tinkapala moto. Ine ndinkathamanga ndi chivundikiro cha poto kwa mnzanga Kulusumu, nyumba yachitatu kuchoka pathu, amene amadzuka kusanache chifukwa cha mapemphero a swala. Ankanditapira makala ofiira uku akundinyoza: "Amake Enoch, tsiku limene ndidzafe mudzadya zaziwisi laini yonse." Tinkaima pamenepo kujeda amuna athu mpaka makala atayamba kuda, n'kutapanso ena. Ndimazisowa zimenezo koopsa.

Chiyambire njalayi palibe amaponda pakhomo pa mnzake m'mawa. Ukatero amati wabwera kudzasuzumira m'poto. Nditatchula zopala moto, Tine anati, "Zvinonyadzisa, amai, n'zamanyazi. Anthu aziti tayamba kupemphetsa." Nanenso manyaziwo ndili nawo, poti masiku ena m'poto mwathu mumakhala masamba okha. Kulusumu timangokwezerana dzanja chapatali. Utsi wake ndimauona m'mawa uliwonse, woyera bwino, ngakhale fungo la anyezi wake wokazinga lija sindilimvanso.

Tsiku lina magetsi atabwera ndinamva pawailesi kuti pulasitiki ikusokoneza nyengo. Zoonadi chisanu sichikugwa ngati kale, mvula nayo ikuchita mwano, ndipo majumbo ali lendelende pampanda uliwonse. Kodi ndi ife tikuchititsa? Nanga ndingawapulumutse bwanji amuna anga popanda kumukhumudwitsa mwana amene akutidyetsa?

R. S., Torwood, Redcliff

Mayi R. S.,

Tiyambe ndi funso lapafupi. Kamoto kanu kokha sikangabweze mvula, musadzisenzetse mtolo wa dziko lonse. Koma pulasitiki imapangidwa kuchokera ku mafuta, ndipo utsi wake, wanu ndi wa makomo ena onse, umakathera kumwamba komweko. Za nyengozo ndi zoona, kungoti zimayenda pang'onopang'ono. Chifuwa cha a Sande ndiye chili pa liwiro. Anesi aja amvereni.

Mpongozi wanu musamuimbe mlandu. Munthu wotsika basi ya ku Francistown miyendo itatupa safuna phunziro la zanyengo, amafuna tulo. Muuzeni kuti, "Mwanangu, iwe wagona m'njira, moto ndi wanga." Ntchitoyo itengeni inu. Mukatero simunamuletse kanthu, mwamupumitsa, ndipo akuthokozani.

Zotsalazo mumazidziwa kuposa ine, mwangoziiwala. Nkhuni za mawa ziwazeni lero, muzitsamize m'mbali mwa moto kapena muziponye padenga ziume. Tolani zitsononkho, makoko a mtedza ndi udzu wouma muzisunge pouma. Mukamaliza kuphika madzulo, kwirirani chikuni chachikulu m'phulusa monga ankachitira mayi anu. Madalawo auzeni mosapita m'mbali kuti mpando ubwera moto ukayaka, osati usanayake. Akanyinyirika, anyinyirike. Ndipo abwezereni kukiliniki akayezedwe makhololo, chifukwa chifuwa cha munthu wa pang'anjo chimatha kubisa TB.

Dengu lija litsitseni pawadiropu. Mayi anu sanalinyamule kuchoka ku Dedza kuti lidzasunge akangaude. Majumbo abwino atsukeni muwayanike, Tine aziikiramo katundu wa makasitomala ake, ong'ambika muluke chopondera pakhomo. Jumbo limene lagwira ntchito kakhumi ndi majumbo asanu ndi anayi amene sanakolowekeke pampanda.

Chikuni chokwirira chija masiku ena chidzazima. Tsiku limenelo musafunefune patapata. Tengani chivundikiro chanu, mumange chitenje, muyende nyumba zitatuzo. Pitani nokha, musamutume Tine. Iye mwambowu sanakule nawo, kwa iye ndi kupempha. Kwa inu ndi Kulusumu sikunakhalepo kupempha, ndipo anthu olankhula alankhule, sadzabwera kudzakusungirani amuna anu.

Ndikuchenjezeni ziwiri. Choyamba, makalawo musalowe nawo m'nyumba n'kutseka mawindo chifukwa cha kuzizira. Utsi wa makala suoneka, koma umapha banja lonse lili m'tulo.

Chachiwiri, werenganinso kalata yanu. Mwandiuza nokha kuti utsi wa Kulusumu mumauona tsiku lililonse koma fungo la chakudya simulimva. Mayi, munthu ameneyo mwina akuwiritsa madzi okha, ndipo naye akuopa kuti mudzaona. Musapite chimanjamanja. Mangani mbatata ziwiri pansonga ya chitenje, muzisiye pafupi ndi mafuwa osanenapo kanthu. M'poto mwake musayang'anemo. Ingotambasulani chivundikirocho, mumulole akunyozeni ngati kale.

Phungu wanu