Mdzukulu Wanu Si Mabvuto

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ife kuno ku Chelstone tilipo. Magetsi akungothimathima monga munawasiyira, koma mtengo wanu wa mapeyala ku Kabwata wabereka mpaka nthambi kuthyoka. Ana a m'makomo oyandikana akutithandiza kukolola osapemphedwa.

Mimba ija munkaisisita muli gone m'chipatala inatipatsa mwana wamwamuna, sabata yomwe tinakuikani. Mphuno ndi yanu, njala ndi ya bambo ake.

Mchombo utagwa, akulu anu, amayi aakulu a ku Emmasdale, anabwera kudzamutcha dzina, poti inu mutapita udindowo unagwera iwo. Anamuyang'ana nati, "Uyu mwana abwela na malilo. Ni Mabvuto."

Mtima unandiwawa, Amayi. Munanditcha Misozi chifukwa atate anamwalira ndili m'mimba, ndipo mpaka lero wondifunsa dzina amafunsanso amene anafa. Inu nomwe munkati dzina ndi malaya osavula. Sindinafune mwana wanga avale maliro anu moyo wake wonse. Koma kuwatsutsa amayi aakulu ndinkaopa, poti ndiwo mayi okha amene ndatsala nawo.

Ndinagwada, n'kunena kuti ine ndi mwamuna wanga Bwalya tikufuna Isaki, dzina limene iye analipeza pa foni.

"Ba Bwalya na mafoni yao!" anakalipa. "Iyo zina ikamba chani pali mubale wanga?"

Ndinawafotokozera kuti ndi dzina la Chiheberi, lotanthauza kuti adzaseka, ndipo linayamba ndi mayi wina wokalamba amene anaseka atamva kuti adzabala mwana.

Kenaka amayi aakulu anati, "Amai ako benze kuseka monga motoka yokana kuliza." Anayeserera kuseka kwanu kokoka mpweya kuja, kumene kankamveka mpaka kumsika. Tinaseka tonse mpaka misozi, koyamba chikuikireni. Atapukuta m'maso ndi chitenje anamunyamula mwana, n'kumuitana okha kuti Isaki.

Pakali pano amangomwetulira m'tulo, phokoso silinayambe. Ndikulonjeza kuti akadzayamba kuseka mokweza ndidzabwera naye kumanda kwanu, mudzamve nokha ngati watengera inu.

Ndakusowani, ndipo ndimakukondani.

Ndine mwana wanu,
Misozi, womaliza kutchedwa choncho m'banja mwathu.