Moni Anandidyera Nthawi

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira mukupezako bwino mwendo uja. Kuno kutsidya kwa nyanja ku Etobicoke tili bwino, kuzizira kokha.

Lamulo latsopano lawalanda mphamvu anthu amene tinawasankha kuti aziyang'anira sukulu, ndipo tikumva kuti kalasi ya mdzukulu wanu Nthanda, ya ana ovutika kumva, itsekedwa. Ndinapita kumsonkhano kukadandaula, osadziwa kuti aliyense amapatsidwa kanthawi kochepa. Ndinayamba ndi kulonjera akuluakulu mmodzimmodzi monga munandilerera. Ndisanatchule n'komwe dzina la mwanayo, anati nthawi yanga yatha!

Bambo a Nthanda akuti ndikhale chete chifukwa mapepala athu aja okhalira m'dziko lino... koma izo tidzakamba pamaso.

Lachinayi ndikubwerera kumsonkhano kuja. Mundikhululukire Azakhali, ulendo uno sindipatsa moni munthu aliyense.

Ndine mwana wanu,
Tiyanjane