Mtengo Wanu wa Mango Watseka Netiweki

Amayi, kodi uko munapitako muli bwanji? Kuno tilipo, kungoti mtima wanga suli m'malo.

Ndiyambe ndi zabwino. Mng'ono wanga Lusiya anabereka mwana wamkazi, mphuno yake ndi yanu yeniyeni, kulongolola nakonso. Mpunga ku Bwanje tinakolola wochepa, mbalame zinatithandiza kudya.

Koma nkhani ndi ya mwana wanu Yohane. Ali m'chipatala ku Joni, chifuwa chamugwira zolimba. Mukukumbukira rauta ija anatumiza kuti muzimuona pa foni, ndi kambale koyera kaja kali pa mlongoti kuseri kwa nyumba? Munkaseka n'kumati, "Mwana akapita kutali, ndi mbale yomwe imaphunzira kulankhula." Kambale kameneko kamafunika kuyang'anizana ndi nsanja ya foni ya kuphiri popanda chotchinga. Tsono mtengo wanu wa mango wakula n'kutseka njira. Kanyali ka rauta, kamene kankawala mobiriwira, masiku ano kamangokhala kofiira.

Ndayesa zonse, Amayi. Kuzimitsa n'kuyatsanso, kupukuta sola, kusintha batire. Amuna anga analumikiza nsungwi kuti mlongoti utalike, mwera unabwera n'kugwetsa, kambale kanatsala pang'ono kusweka. Munthu wa netiweki atabwera anangoyang'ana m'mwamba n'kunena kuti mtengowo udulidwe. Ndikapalasa njinga kupita ku Mtakataka kumene foni imagwira, ndimapeza Yohane ali mtulo. Iye amaimba pamene wapeza kamphamvu, ndipo nthawi yake siidziwika.

Achimwene anu, amalume athu, akanitsitsa. Akuti chinthu cha malemu sichikhudzidwa chiliza chisanamangidwe, ndipo chiliza sitingamange Yohane asanabwere. Amuna anga nkhwangwa ali nayo, koma ndi mkamwini, anena chiyani pamudzi pa eni? Ndinakalira pakhonde pa amalume mpaka mawu kusasa. Iwonso analira, koma sanasinthe. Ndinawakwiyira, sindikubisirani, ngakhale ndikudziwa kuti akuopa kukulakwirani. Inetu ndikaona mtengowo ndimaona inu mukupeta mpunga pamthunzi pake, ndiye ngakhale atandipatsa nkhwangwayo sindikudziwa ngati manja angalole.

Dzulo masana netiweki inagwirako pang'ono, foni n'kulira. Nkhope ya Yohane inaoneka, waonda mwana wanu, masaya kulowa. Anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, chithunzi n'kuuma pomwepo. Ndinathamangira panja, foni m'mwamba ngati wamisala, kuzungulira mtengo wonse. Sinagwirenso.

Ndili ndi mantha, Amayi, ndipo ndasowa pogwira. Inu munkati mwana wodwala sasiyidwa yekha ngakhale ali ndi ndevu, koma wanuyu ali yekha pakati pa alendo. Akafika kwanuko ine ndisanamumve, mumufunse chimene ankafuna kundiuza.

Ndimakukondani kwambiri. Ndikulonjeza kuti kwa amalume sindisiya kupita, ndipo foni sindiisiya patali.

Ndine mwana wanu,
Esinati