Maluwa Odikira Marichi

Loweruka, kumapeto kwa Okutobala. Kwazizira, koma mvula yatipatsako mpata.

Nditaweruka kuntchito ku Beaumont, dera lina la kuno kudziko la eni, ndinazungulira kuseri kwa nyumba kukaona maluwa a dafodilo amene ndinabzala masabata awiri apitawo. Palibe ndi limodzi lomwe lamera. Kwathu chimanga chikatha sabata osatuluka timapakiza, ndiye ndinatenga kakhasu n'kufukula phando limodzi. Ndinapeza mbewu ija, yonga kaanyezi, ili bwinobwino, itatulutsa timizu toyera. Manyazi anandigwira.

Mayi Phiri, amene timakhala nawo nyumba imodzi, anasuzumira pawindo akuseka. "Amake Tadala, kwirirani msanga! Zimenezo zimafuna zigone m'dothi nyengo yonse yozizira. Mudzaziona Marichi."

Marichi ndi kutali. Landilodi adati mwina agulitsa nyumbayi chaka chikatha, ndipo kolowera sitikukudziwa. Ndinaima kakhasu kali m'manja, ndikuganiza kuti mwina ndikulimira anthu osawadziwa.

Ndinakwirirabe n'kupondapo pang'ono. M'thumba munali mutatsala mbewu sikisi, nazonso ndazibzala m'mbali mwa mpanda. Maluwawo akadzatuluka ife kulibe, wobwerayo adzadziwa kuti pano padakhala munthu. Koma tikadzakhala tilipo...